Boma likagwira sikelo, wina akagwira chikwama chako: managed trade ndi managed futures n'chiyani?

Lamlungu lapitali titatuluka m'tchalitchi ku Highfield, mumzinda wa Harare, tinakhala pamthunzi kudikira msonkhano wa bungwe lathu la maliro. Mnyamata wina, mdzukulu wa msungichuma wathu, anatulutsa foni n'kuonetsa agogo ake uthenga umene walandira pa WhatsApp. Uthengawo umati munthu akaika $200 mu "managed futures", mwezi ukatha atenga $260. Iye amafuna kuti ndalama za bungwe zikagoneko m'malo mongokhala m'bokosi.

Amayi ena amene akhala akukwera basi ya ku Blantyre kwa zaka zambiri kukaoda zitenje ndi mpunga wa Kilombero anamudula mawu. "Mwanawe, si zomwe akunena pa wailesi za America ndi China zija? Ine ndinamva akuti managed trade."

"Ayi amayi, izi ndi zina."

"Nanga ndi ziti?"

Mnyamata uja anangokanda mutu. Analondola ponena kuti ndi zinthu ziwiri zosiyana, koma amayi aja sanasochere kwenikweni. Ziwirizi zimakumana, ndipo malo amene zimakumana ndi pa mtengo wa ndowa ya chimanga ku Mbare Musika, msika waukulu wa mu Harare. Mawu oti managed, amene ali m'mayina onse awiriwa, amangotanthauza kuti pali wina amene wagwira chingwe. Pa chinthu choyambacho wogwira chingwe ndi boma. Pa chachiwiricho ndi katswiri amene wamupatsa ndalama zako.

Boma likalowa pakati pa wogula ndi wogulitsa

Pa malonda opanda chotchinga, kuchuluka kwa katundu wodutsa pamalire kumatengera mtengo ndi chilakolako cha ogula. Sopo wa ku South Africa akatchipa amalowa wambiri, akadula amalowa wochepa. Managed trade ndi pamene maboma asiya kungoika malamulo a masewero n'kuyamba kunena okha zigoli: alowe matani akuti, mugule kwa ife za ndalama zakuti, katundu uyu asatuluke konse.

Zida zake n'zodziwika kwa aliyense amene anaimapo pamzere ku Nyamapanda kapena ku Beitbridge. Pali msonkho wa pamalire, umene umakweza mtengo wa katundu wakunja. Pali kota, kutanthauza mlingo woikika umene sungapyoledwe ngakhale utakhala ndi ndalama zolipira msonkho. Pali chiphaso cholowetsera katundu, chimene amapatsidwa ena, ena ayi. Ndiye pali mapangano a maboma awiri onena ndendende za kuchuluka kwa malonda.

Chitsanzo chimene aphunzitsi a zachuma sachitaya ndi cha magalimoto a ku Japan. Mu 1981, mafakitale a magalimoto a ku America atayamba kugwa, Japan inavomera kuti isamatumize ku America magalimoto oposa 1.68 miliyoni pa chaka. Pa pepala zinalembedwa ngati Japan yadziletsa mwa kufuna kwake, koma aliyense ankadziwa kuti ikadakana, aphungu a ku Washington akadaika lamulo lowawa kwambiri. Zotsatira zake n'zimene zimandichititsa chidwi. Magalimoto atachepa, mitengo inakwera, ndipo wolipira anali wogula wa ku America yemweyo. Makampani a ku Japan ataona kuti nambala yatsekedwa, anayamba kutumiza magalimoto akuluakulu ndi odula kuti aliyense abweretse phindu lochuluka. Honda inatsegula fakitale yake ku Marysville, m'chigawo cha Ohio, mu 1982, ndipo galimoto yopangidwira komweko kota sinkaikhudza. Choncho ntchito zinapezekadi ku America, koma osati zonse m'makampani amene ankatetezedwa aja.

Mu 1986 mayiko awiri omwewa anapangananso za tizipangizo ta m'makompyuta, ndipo America inkayembekezera kuti makampani akunja atenge 20 peresenti ya msika wa ku Japan. Zovala nazo zinayendetsedwa ndi makota padziko lonse kuyambira 1974 mpaka pa 1 January 2005. Chinanso ndi pangano la January 2020, pamene China inalonjeza kugula katundu ndi ntchito za ku America zoonjezera za $200 biliyoni m'zaka ziwiri, kuyerekeza ndi za mu 2017. Lonjezolo silinakwanitsidwe. Nduna ingasayine kuti tidzagula zakuti, koma ogula enieni ndi makampani ndi mabanja, ndipo iwo anakumana ndi mliri wa Covid-19 chaka chomwecho.

Bungwe loona za malonda a padziko lonse la WTO, limene linayamba mu 1995, linaletsa mapangano odziletsa ngati a magalimoto aja. Koma mchitidwewo sunafe. Unangosintha zovala.

Ifenso tinazilawa

Wina angaganize kuti izi ndi nkhani za mayiko olemera. Ayi ndithu. Makolo athu amene ankadula nzimbe ku Triangle ndi ku Hippo Valley, kapena abale athu a ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ankadya za managed trade osadziwa dzina lake. Kuyambira pa pangano la ku Lomé la 1975, mayiko a ku Ulaya ankagula shuga wa mayiko ngati Malawi, ndipo kenako Zimbabwe, pa mlingo woikika ndi mtengo wotsimikizika, umene nthawi zambiri unali pamwamba pa mtengo wa padziko lonse. Dongosolo limenelo linatha mu 2009. Zimbabwe inalinso ndi kota ya matani 9,100 a nyama ya ng'ombe ku Ulaya, imene inaima mu 2001 chifukwa cha matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Pamenepa chingwe chinkatikomera ife.

Ndiye pali 2016. Amayi onse a maoda amakumbukira SI 64, lamulo la boma la Zimbabwe limene linati katundu ngati madzi a m'mabotolo, chiponde, nyemba za m'zitini, mayonesi ndi mafuta ena odzola asalowe popanda chiphaso. Boma linati likuteteza mafakitale akuno ndi kusunga ndalama zakunja. Eni mafakitale ena anati anapezadi popumira ndipo analemba anthu ntchito. Ogulitsa ang'onoang'ono anati awatsekera pakamwa, ndipo pa 1 July chaka chomwecho ku Beitbridge kunabuka zionetsero mpaka nyumba yosungira katundu ya bungwe lotolera misonkho la ZIMRA inapsa. Onsewa ankanena zoona, aliyense kuchokera pamene waima.

Chimanga ndiye chimagwiridwa chingwe pafupifupi chaka chilichonse, kuno ku Zimbabwe ndi kumudzi ku Malawi komwe. Zokolola zikachuluka, boma limatseka khomo lolowera kuti mlimi asagulitse motaya, monga inachitira Zimbabwe mu 2021. Zikachepa, limatseka khomo lotulukira kuti nzika zisagone ndi njala, monga lachitira kangapo boma la Malawi. Mu December 2022 Zimbabwe inaletsa kutumiza kunja miyala ya lithium yosayengedwa, pofuna kuti ntchito yoyenga ichitikire kuno. Mu March 2025 Malawi inaletsa kulowetsa zakudya zina zimene zimalimidwa komweko, Tanzania n'kubwezera mu April potseka zokolola za ku Malawi ndi za ku South Africa, ndipo katundu anaima pamalire a Songwe kufikira maboma atakambirana. Walira mvula walira matope: ukatseka khomo lako, mnansi nayenso ali ndi loko.

Si kuti chingwe chimangomanga basi. Chimamasulanso. Malawi ndi Zimbabwe onse ali m'bungwe la zamalonda la COMESA, ndipo pali njira yapafupi ya ochita malonda ang'onoang'ono imene imalola katundu wosapyola mtengo woikika, wopangidwa m'mayikowa ndiponso wolembedwa pa mndandanda wogwirizana, kudutsa popanda msonkho wa kasitomu. Koma taonani kuti nawonso mndandandawo amaulemba ndi maboma.

Okonda dongosololi amati dziko losauka silingamange fakitale likamapikisana ndi katundu wa dziko limene linamanga yake zaka 100 zapitazo, komanso kuti chakudya si chinthu chosiyira msika wokha. Otsutsa amati wolipira ndi wogula wosauka, kuti fakitale yotetezedwa imagona tulo, ndiponso kuti paliponse pamene pali chiphaso pamabadwa katangale ndi njira za kutchire. Mbali zonse zili ndi umboni. Chimene ine ndaona n'chakuti opindula amakhala ochepa ndi odziwika mayina, pamene olipira ndi ambirimbiri amene aliyense amataya pang'ono, ndiye mawu a opindula ndi amene amamveka kwambiri ku ofesi ya nduna.

Kugulitsa chimanga chisanache

Tsopano tisiye maboma, tibwere ku uthenga wa mnyamata uja. Tiyambe ndi liwu loti futures.

Mlimi wa fodya wa ku Karoi kapena ku Kasungu amene amalima pa kontirakiti amadziwa kale theka la nkhaniyi: wapangana ndi wogula fodya asanathyole. Futures ndi pangano lotere, logula kapena kugulitsa katundu wakutiwakuti pa tsiku lam'tsogolo ndi mtengo wogwirizana lero. Kusiyana kwake n'kwakuti panganoli lili ndi muyeso umodzi kwa aliyense, limachitikira pa msika wovomerezeka, ndipo ukhoza kuligulitsa kwa munthu wina tsikulo lisanafike. Amalonda a mpunga a ku Osaka ankachita zimenezi kale m'ma 1730. Msika wa Chicago Board of Trade unatsegulidwa mu 1848, ndipo lero pangano limodzi la chimanga kumeneko ndi la matani pafupifupi 127. Wapafupi ndi ife ndi msika wa ku Johannesburg, umene ambiri amautchulabe SAFEX, kumene pangano limodzi la chimanga choyera ndi la matani 100. Mtengo wa kumeneko ndi umene a zigayo zazikulu za kuno amayang'ana akafuna kuitanitsa chimanga.

Pa msikawu pali anthu a mitundu iwiri. Mlimi wamkulu amaopa kuti mtengo ugwa pokolola, wachigayo amaopa kuti ukwera, ndiye onse awiri amamanga mtengo lero kuti agone tulo. Amenewa akudziteteza. Ena alibe munda kapena chigayo, thumba la chimanga salifuna n'komwe. Iwo amangoyembekezera kuti mtengo usuntha ndipo adyapo. Musawanyoze msanga, chifukwa popanda iwo mlimi uja sakadapeza womugula tsiku limene akufuna.

Chodabwitsa kwa ambiri n'chakuti ukhoza kupindula mtengo ukamagwa. Umayamba ndi kugulitsa pangano pa mtengo wa lero, mtengo ukatsika n'kuligulanso motchipa, kusiyanako n'kukhala kwako.

Chikole, pamene pagona ngozi

Pogula pangano sulipira mtengo wonse. Umangoika chikole, chimene pa msika amachitcha margin. Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti timvetse. Chimanga chili pa R4,000 pa tani, ndiye pangano la matani 100 ndi la R400,000. Iwe waikapo chikole cha R40,000. Mtengo ukakwera ndi R400 pa tani, wapindula R40,000, ndalama yako yabereka inzake. Ukatsika ndi R400 yomweyo, chikole chonse chapita. Mtengo wasuntha ndi 10 peresenti yokha, koma iwe wataya zonse.

Ndipo sadikira tsiku lomaliza. Madzulo aliwonse msika umawerengera, woluza amachotsedwa ndalama n'kupatsa wopindula. Chikole chikachepa amakuimbira kuti uwonjezere nthawi yomweyo, ukalephera amakutsekera pangano pa mtengo ulionse umene ulipo. Ukhoza kutaya zoposa zimene unaika. Pa 20 April 2020 pangano la mafuta a ku America linatsika mpaka kupyola ziro, kufika pa madola 37 kunsi kwake pa mgolo umodzi, chifukwa mosungira munadzaza ndipo anthu ankalipira kuti wina awalandire mafutawo. Banki ya Barings ya ku London, imene inakhala zaka zoposa 200, inagwa mu 1995 chifukwa cha mapangano otere a wantchito mmodzi, Nick Leeson.

Woyendetsa ndalama za ena

Managed futures ndi pamene anthu asonkha ndalama n'kupatsa katswiri kuti aziwagulira ndi kuwagulitsira mapangano amenewa. Richard Donchian ndiye anayambitsa thumba loyamba lotere lotsegukira anthu wamba ku America mu 1949. Kumeneko akatswiriwa amalembetsa ku bungwe la boma la CFTC ndi ku bungwe la NFA. Ku London kuli makampani odziwika monga Man AHL ndi Winton. Sachita za chimanga zokha. Thumba limodzi limakhala ndi mapangano ambirimbiri a mafuta, golide, khofi, ndalama za mayiko, ngongole za maboma ndi masheya, ena ogula ena ogulitsa.

Ambiri mwa iwo amatsata njira imodzi: kulondola kumene mtengo ukulowera. Taganizani za venda wa tomato ku Mbare amene safunsa ngati ku Mutoko kwagwa chisanu kapena ayi. Iye amangoona kuti bokosi lakwera masabata atatu otsatizana, n'kuoda ambiri. Likangoyamba kutsika amataya msanga otsalawo. Makompyuta a matumbawa amachita chimodzimodzi, poyerekeza mtengo wa lero ndi wa miyezi yapitayo. Amaluza pang'onopang'ono kambirimbiri, n'kudzapindula kwambiri kamodzikamodzi, mtengo ukayenda ulendo wautali mbali imodzi.

N'chifukwa chake mabungwe akuluakulu a penshoni amaikako kagawo ka chuma chawo. Mu 2008, masheya a ku America atagwa ndi gawo loposa limodzi mwa magawo atatu, matumba ambiri otere anapindula. Mu 2022, masheya ndi ngongole za maboma zitagwera limodzi, anapindulanso. Koma pakati pa zaka ziwirizi panadutsa zaka zambiri zouma, pamene mitengo inkangopita uku ndi uku, ndipo osunga ndalama ambiri anatopa n'kutuluka ataluza.

Katswiri sagwira ulele. Mwambo wakale ndi 2 peresenti ya ndalama zako chaka chilichonse, kaya zabereka kaya ayi, kuphatikiza 20 peresenti ya phindu. Pa $10,000 ndiye kuti $200 imachoka ndithu, ndipo phindu likakhala $1,500, pafupifupi $300 ina ndi yake. Masiku ano ena amalipiritsa zocheperapo. Pa matumba abwino, katswiri akaluza satenganso gawo la phindu mpaka atabweza zimene zinatayika.

Pokumana pake

Mu July 2018 China inaika msonkho wa 25 peresenti pa soya wa ku America pobwezera misonkho ya Donald Trump. Mtengo wa soya ku Chicago, umene unali pamwamba pa $10 pa muyeso wawo wa bushel, unatsikira kunsi kwa $9. China inatembenukira ku Brazil. Boma la America linalengeza thandizo la $12 biliyoni kwa alimi chaka chimenecho, ndi $16 biliyoni chaka chotsatira. Cholembera cha mtsogoleri chinasuntha mtengo, ndipo kutsika kwa milungu ingapo kotereku ndi kumene matumba olondola mtengo amasaka.

Koma cholembera chimathanso kuwapweteka. Mu April 2025 America inalengeza misonkho yatsopano pafupifupi pa dziko lililonse, 18 peresenti pa katundu wa ku Zimbabwe ndi 50 peresenti pa wa ku Lesotho, ndipo patangotha sabata yambiri inaimitsidwa kaye. Misika inagwa n'kudzukanso mwadzidzidzi. Matumba ambiri olondola mtengo analuza, chifukwa pamene kompyuta imati njira ndi iyi, njirayo inali itakhota kale. Mvula imachenjeza ndi mitambo, koma chilengezo cha boma chimangofika.

Kuno kwathu kukumanaku kunaoneka mwa njira ina. Harare inali ndi msika wake wa zokolola, ZIMACE, kuyambira 1994. Unatsekedwa mu 2001 boma litalamula kuti chimanga ndi tirigu azigulitsidwa ku bungwe la boma logula zokolola la GMB kokha. Boma likaika lokha mtengo ndi wogula, palibenso choti msika upeze. Msika watsopano wa ZMX unatsegulidwa mu 2021, ndipo ku Lilongwe kuli msika wa ACE, umene umagwiritsa ntchito malisiti a nkhokwe. Imeneyi kwenikweni ndi misika ya zokolola zimene zilipo kale, osati misika yakuya ya futures ngati ya ku Johannesburg. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chosavuta kumva: ndani angamange mtengo wa chimanga cha mu July pamene sakudziwa ngati malire adzakhala otsegula?

Tibwerere ku uthenga uja

Thumba lenileni la managed futures silingalonjeze phindu la mwezi ndi mwezi, chifukwa katswiriyo sadziwa kumene mitengo ilowere. Chaka chimene thumba lapeza 20 peresenti chimatengedwa ngati chaka chabwino kwambiri. Uthenga wa mnyamata uja umalonjeza 30 peresenti pa mwezi umodzi. Amene tinali kuno mu 2016 tikukumbukira MMM, bizinesi yachinyengo yolonjeza phindu lalikulu, mmene oyamba ankalandiradi, kuchokera m'matumba a obwera pambuyo, mpaka tsiku limene zonse zinazima. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuno ku Zimbabwe woyendetsa ndalama za anthu pa misika yotere amayenera kukhala ndi chiphaso cha bungwe loyang'anira misika ya masheya la SECZ, ndipo kutumiza ndalama kunja kukaziika m'misika kumatsata malamulo a Reserve Bank. Thumba loona limaonetsa mabuku owerengedwa ndi akatswiri apadera, limanena poyera zaka zimene linaluza ndi kuchuluka kwake, limatchula banki kapena kampani imene ikusunga ndalamazo, ndipo silikupatsa mphotho chifukwa chokopa anzako. Ngakhale thumba loonalo, ine sindingaikemo ndalama ya maliro. Imfa sidikira kuti chaka chouma chithe, ndipo ndalama imeneyi imafunika m'mawa womwewo, yathunthu.

Pa msonkhano paja agogo aja sanamukalipire mdzukulu wawo. Anangoti, "Chabwino mdzukulu wanga, afunse anthu akowo nambala ya chiphaso chawo ndi kumene kuli ofesi yawo, tipiteko awiri ndi mlembi." Mnyamata analemba pomwepo ife tikuona, ndipo uthengawo unawerengedwa. Lachinayi nditakumana naye pa renki ya Machipisa anali asanayankhidwebe.